Amuna anga ndi ng'ombe za m'foni

Aulutsi ndi omvera anzanga, ine ndine mayi wa ku Nkando, ndipo nkhani yanga ndi ya amuna anga. Chaka chatha anayamba gemu ya pafoni yoweta ng'ombe. Poyamba ankasangalala nayo, koma masiku ano foni ikangolira amausa moyo ngati waganyu woitanidwa ndi bwana. Ndikawauza kuti aisiye amati, "Ndafika patali mayi, ndikasiya zonse ziwonongeka."

Mwezi watha tinali kumanda kukaika achemwali anga. Abusa ali mkati mwa pemphero, ndinawaona bambowa ataima kuseri kwa mtengo, nkhope yakwinya, chala chili kalikiliki pafoni. Pobwerera ndinawafunsa chimene amachita. Anayankha modandaula, "Mukuyesa ndimakonda? Inali nthawi yokama mkaka."

Sindinakalipe ayi, ndinangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Bola woledzera, amaimbako nyimbo. Awa akuvutika ndi ntchito yoti palibe anawalemba, ndipo sakuikonda n'komwe.

Kuyambira tsiku limenelo ulemu wanga pa iwo unatha. Ndimawaphikirabe, ndimawachapirabe, koma akangoyamba zoti atopa, ndimanyamuka n'kutuluka panja.