Achinjira a Amayi ndi Kaphiri ka Tungisiteni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Insaca. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene amayi anga anagwidwa ndi sitiroko, ine n'kutsala pang'ono kutaya maphunziro amene ndinawavutikira kuyambira ndili mtsikana.

Ambiri mumandidziwa ngati Lusiya wa m'kwaya, koma ntchito yanga ndi ya fizika. Pali makina amene asayansi akuyesa kupangiramo mphamvu yonga ya dzuwa, ndipo makoma ake amkati amawakuta ndi chitsulo chotchedwa tungisiteni. Tizidutswa take tikagwera m'moto wa makinawo, maatomu ake amasosoledwa maelekitironi ngati nkhuku yoviika m'madzi otentha, n'kuyamba kutulutsa kuwala kwa ekisileyi. Ine ndimawerengera pa kompyuta mmene kuwalako kuyenera kuonekera, anzanga n'kufananitsa ndi zimene ayeza.

Uthenga wa matenda unandipeza ndili ku yunivesite, kutali ndi kwathu. Nditatsika chapa, minibasi ya kwathu kuno, ndinapeza amayi mbali ya kumanja itafa, lilime likulemera. Ana tilipo angapo, koma wamkazi ndine ndekha, ndipo kwathu mwana wamwamuna sasambitsa mayi ake. Alongo anga ankatunga madzi ndi kuwatenthetsa, koma akafika pakhomo la bafa ankabwerera. Amayi a ku tchalitchi anadzipereka ndi mtima wonse, koma mayi anga ankangokumbatira kapulana, chitenje chawo, ndi dzanja lamoyo lija, misozi chuchuchu. Sankafuna kuonedwa ndi wina aliyense koma ine.

Nthawi yomweyo ntchito yanga inali itaima pa chinthu chimodzi. Pa chithunzi cha zoyezedwa panali kaphiri kakang'ono kamene mawerengero anga sankakaonetsa. Ndinkaganiza kuti kakuchokera ku maatomu amene agwira elekitironi yodutsa, poti amenewo amatulutsa mizere ina ya kuwala yofooka imene ndinali ndisanaiphatikize. Koma kutsimikiza zimenezo kunkafuna kompyuta yaikulu ya ku yunivesite ndi mutu wodekha. Aphunzitsi anga anandiimbira mokoma mtima, komabe ananena poyera kuti mvula ikayamba ndisanabwerere, ntchitoyo aipereka kwa wina ndipo malo anga atha.

Ndisaname, ndinakwiya. Ndinakwiyira alongo anga chifukwa chobadwa amuna, ndinakwiyira mwambo, ndinadzikwiyira ndekha poganizira za chitsulo mayi wondibala akulephera kukweza sipuni. Tsiku lina ndikuchapa zofunda zawo ndinapemphera mosakometsa mawu, ndinati, Ambuye, ine sindingakhale kuwiri, ngati pali manja ena amene amayi angawavomere, atumizeni. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana, ndipo mumtima ndinali nditatsanzikana nawo maphunziro.

Sabata yomweyo pakhomo panatsika mayi wachikulire pa njinga, dengu la nsomba zouma lili pamutu. Anali Abiti Saidi, Msilamu wa ku nyanja ya Chiuta, amene ndinawaona komaliza ndili mwana. Iwo ndi amayi anapangana uchinjira ali othawa nkhondo ku Malawi, ubwenzi uja wa akazi umene umaposa chibale. Za matendawo anangozimva kwa wogula nsomba ku Entre Lagos.

Analowa osadikira n'komwe kuti ndiwapatse mpando.

"Achinjira, mwagona chonchi osanditumira mawu?" Abiti Saidi anawakalipira amayi. "Uchinjira unatha liti? Kodi anandisambitsa ndani ine nditabereka ku msasa kuja, madzi ake a m'chitini? Lero ndi tsiku langa."

Ndinaona ndi maso anga zala za amayi zikumasuka pa kapulana. Tinawanyamula awiri mpaka ku bafa, kenako Abiti Saidi ananditulutsa. Ndili panja ndinamva madzi akukhavuka, kenako phwete lokhota la amayi, loyamba chidwalire. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira.

Abiti Saidi atatuluka anandiyang'ana nati, "Mwanawe, ukudikiranso chiyani? Longedza."

Ndinagwada pafupi ndi amayi kuti ndimve kwa eni ake. Analimbana nalo lilime kwa kanthawi, kenako anati, "Pita."

Abiti Saidi anakhala nawo dzinja lonse, iwo akuswali pamkeka, amayi akuwerenga kolona ndi dzanja lamanzere. Ine ndinabwerera ku yunivesite n'kukaphatikiza mizere ija, kompyuta n'kugaya kwa masiku. Chithunzi chitatuluka, kaphiri kaja kanali kataima pamalo pake penipeni, pamene anzanga anakayeza. Ndinaimba foni kwathu, Abiti Saidi n'kuigwirizira pakhutu la amayi.

"Amayi, kapezeka! Ntchito yanga yapulumuka!"

Kenako ndinamva mawu olemera aja: "Wadya koma?"

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisankhitse pakati pa mayi ndi maitanidwe anga. Ndikuthokoza Abiti Saidi, amene mpaka lero amakana zikomo wanga n'kumati ndikulowerera za akulu. Inu amene mukudwazika, amene mwasiya zanu pakati ndipo palibe akukuonani, musataye mtima, pempheranibe ngakhale pemphero lake likhale lokwiya. Nditabwera kudzapuma, amayi anandichingamira okha pakhomo, ndodo ili m'manja, ndipo anakana kuti ndiwagwirize.