A Tifika, Amene Ankaonera Filimu ndi Makutu

Anamfedwa, akuluakulu a mpingo, anzanga a ku depoti, ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, ine ndine kondakitala amene ndinayenda ndi malemu m'basi imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Banja landipempha kuti ndiwerenge mbiri yawo.

Malemu, amene tonse tinkawadziwa kuti a Tifika, anabadwa m'chaka cha 1953 m'nyumba za ogwira ntchito kunjanji, kuseri kwa siteshoni. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Dzinali analipezera pantchito. Wokwera akadandaula kuti basi ikukwawa, iwo ankangoyankha kuti, "Tifika," mpaka dzina laubatizo linatsala pa laisensi pokha.

Sukulu anaphunzira zaka zisanu ndi zitatu, ndipo iwo eni ankati zinayi mwa zakazo anathera kuyang'ana magalimoto pazenera. Atasiya, analowa ntchito m'galaja, kutsuka zitsulo ndi kupopa matayala. Laisensi anaitenga mu 1976. Mu 1979 anakwatira mayi amene akhala apawa, omwe nthawiyo ankasoka zovala pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi galajayo. Mayi amati malemu anabweretsa malaya amodzi omwewo katatu kudzasoketsa batani, mpaka iwo anachita kuwafunsa chomwe ankafuna kwenikweni.

Mu 1984 anayamba kuyendetsa mabasi a maulendo ataliatali. Patapita zaka khumi ndi chimodzi, kampani inaika mawailesi a kanema m'mabasi, ndipo ndi chaka chomwe ine ndinawapeza. Kanemayo ankamangiriridwa kudenga, kumbuyo kwa mpando wa dalaivala. Choncho malemu anamva mafilimu mazanamazana osaonapo ngakhale imodzi. Koma zimenezi sizinawalepheretse kuweruza. Tikaima kuti timwe tiyi, ndemanga inali itapsa kale.

Za mafilimu ankhondo ankati ndi phokoso la anthu osadziwa kukambirana. Za achikondi ankati, "Mukamva mwamuna watsitsa mawu choncho, dziwani kuti wayamba kunama." Omenyana ankati m'makutu mwawo amamveka ngati munthu akukuntha matiresi. Filimu yabwino, kwa iwo, inali imene palibe wokwera anapempha kuti basi iime akadzithandize. Tepi ikaduka pakati anthu n'kuyamba kukuwa, iwo sankatekeseka. Ankati, "Asiyeni, mathero ake ndi ukwati kapena maliro, asankhe okha." Mukawatsutsa, sankalimbikira. Ankati mwina mukunena zoona, popeza inu mwaona ndi maso.

Kusalimbikira kumeneku kunali khalidwe lawo pa zinthu zambiri. Jekete, wailesi, ngakhale njinga, mukangoiyamikira kawiri mumapita nayo, ndipo mayi anavutika nazo zimenezi moti anafika pobisa mbale zabwino alendo akamabwera. Ku mpingo malemu anasankhidwa kukhala mkulu, anatumikira zaka zitatu, kenako anakana kuimanso. Anati mpando ukazolowera munthu umayamba kumulamula. Anabwerera kukakhoma mabenchi ogwedera, ntchito yomwe anaigwira mpaka mphamvu zitatha.

Mu 2012, kutatsala chaka ndi miyezi iwiri kuti apume pantchito ndi ufulu wawo wonse, malemu anakapereka makiyi ku ofesi. Kunyumba anangonena kuti maso ayamba kuwavuta. Chaka chimenecho mwana wawo wamwamuna anali pakati pa maphunziro ku koleji, ndipo anasiyira panjira. Mwanayo anawauza kuti akanapirira miyezi yotsalayo. Kuyambira pamenepo awiriwa ankapatsana moni wa pamsewu, ndipo ambiri muno mukudziwa kuti pa zaka zonsezi sanakhalepo pansi kudyera m'mbale imodzi.

Ana aakazi anawagulira kanema wamkulu kuti tsopano aone zomwe ankangomva. Anaonera filimu imodzi atayandikira kwambiri, n'kuloza mkulu wa mufilimuyo, n'kunena kuti, "Mkuluyu ndinkamuyesa wamtali." Tsiku lotsatira anatembenuza mpando kuupatsa kanemayo msana. Patatha mwezi anamupereka kuchipinda chodikiriramo odwala pachipatala cha pafupi. Amene tinkawayendera tinkawapeza pakhonde, atavula nsapato, akumvetsera magalimoto odutsa ndi kutchula lomwe likufunika kusintha mabuleki. Sindinawamvepo akudandaula.

Tsopano pali ndime imene siili m'mbiri yomwe banja linkaidziwa, ndipo ikukhudza ine. Matenda a maso aja anayamba kudya m'mbali. Kutsogolo ankaona, koma chochokera kumanzere kapena kumanja chinkawadzidzimutsa. Ine ndinazindikira msanga. Iwo ankafuna kukanena ku ofesi, koma ine ndinawaletsa. Ndinati, "Bambo, miyezi yatsalayi ndi yochepa, ine ndikhala maso anu." Kwa miyezi isanu ndinkaima pakhomo la basi n'kumawauza za m'mbali. Ndinkawakonda, inde, koma ndinkaopanso kupatsidwa dalaivala wina.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, ndinatembenuka kukasintha tepi. Mayi wina anatulukira m'kanjira ka kumanzere pa njinga, kumbuyo atakweza mwana. Nditabweza maso, anali atafika pamphuno pa basi. Ndinakuwa. Malemu anaponda mabuleki, ndipo basi inaima itatsala pang'ono kukhudza tayala la njingayo. Mayiyo anangotiyang'ana n'kupitiriza ulendo. Okwera anadandaula za katundu amene anagwa, kenako anabwerera ku filimu yawo, yomwe inali yoseketsa.

Titafika ku depoti, malemu anazimitsa injini. Kenako anati, "Basi, ndatsikira pano." Ndinawagwira mkono, ndinawakumbutsa za koleji ya mwana. Anati, "Wanga asiya sukulu, koma adya mawa. Uja akanadya?" Anandiletsanso kuuza munthu aliyense, chifukwa kampani ikanadziwa kuti ndinabisa nawo, nanenso ntchito ikanatha, ndipo ana anga anali aang'ono. Ine ndinagwira ntchito mpaka kupuma bwinobwino. Mwana wawo anawasungira chakukhosi, ine ndikuona, ndili chete. Ndili ndi manyazi, ndipo ndikunena pamaso panu.

Malemu anayamba kudwala matenda a impso chaka chatha. Anagonekedwa m'chipatala kawiri. Ulendo wachitatu anapempha kuti abwerere kunyumba, ati pakhonde pamamveka bwino kuposa m'wodi. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, ali ndi zaka 72, atangomwa tiyi.

Dzulo ndinawerengera banja mbiriyi kuti livomereze. Nditamaliza ndime ija, mwana wamwamuna uja anandifunsa kuti mwana wa panjingayo anali wamkulu bwanji. Ndinati ngati wa zaka zinayi. Anati, "Amalume, mawa muwerenge zonse, musachotse kanthu." Anatenga cholembera changa n'kuwonjezera yekha mzere umodzi kumapeto kwa mndandanda wa otsala, ndipo ndiuwerenga monga anaulembera.

Malemu asiya mayi a kunyumba, ana anayi, wamwamuna mmodzi ndi aakazi atatu, zidzukulu zisanu ndi zinayi, mchemwali wawo mmodzi ndi mng'ono wawo mmodzi. Asiyanso mayi wina ndi mwana wake, amene sitikudziwa komwe ali, ndipo iwo sakudziwa kuti lero kuno kuli maliro.

Mzimu wa bambo athuwa uuse mu mtendere.