Telefoni Imene Sinalire ku Chikuta

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Tsiku limene ndinachotsedwa ntchito kunali nkhungu, mvumbi ukuwaza pa malata, chigayo cha pamsika chikugunda chapatali ngati palibe chachitika.

Ndinali mmisiri wa zamagetsi pa chipatala china cha mishoni m'mapiri a Dowa. Boma la zipani zambiri litangoyamba, tinalandira matelefoni opanda chingwe oti anamwino aziyenda nawo m'thumba. Telefoni yotere imalumikizana ndi kabokosi kokhomedwa pakhoma, ndipo mawu ake sapita patali, makamaka m'makoma ochindikala a nyumba zakale. Ntchito yanga inali kuyenda chipinda ndi chipinda, telefoni ili kukhutu, kumvetsera pamene mawu akuyamba kuduka kuti ndidziwe pokhoma kabokosi kena.

Nthawiyo n'kuti mkazi wanga atangomwalira, tisanamete maliro. Nditafika pakhomo la chipinda choberekera, mzamba wamkulu, mayi Nachisale, anandiimitsa. Anati ku chikuta sikulowa mwamuna, kuli bwanji wamaliro, makanda angadwale. Ndinawapempha kuti alowe nayo okha telefoniyo, koma anakana kukhudza chinthu chochoka m'manja mwanga. Nditadandaula kwa mkulu wa chipatala, anati ndisakangane ndi azimayi, ndingokhoma kabokosiko pakhonde. Ndinatero, mtima uli m'mwamba.

Masana ena a dzinja mayi wina amene ankabereka m'chipinda chija anayamba kutaya magazi. Namwino anayesa kuimbira dokotala, telefoni inangochita phokoso. Anathamanga m'matope kukamuitana kunyumba. Mayiyo anapulumuka, koma mwana anapita.

Komiti ya chipatala inati ndinalakwitsa poika mabokosi, ndipo inandichotsa ntchito. Mkulu uja anati sakukumbukira kuti tinakambapo. Mayi Nachisale anangowerama, ndipo ine sindinawatchule, pakuti ana anga onse anabadwira m'manja mwawo. Kumpingo anandiimitsa pa ukulu. Anthu ankanong'onezana kuti imfa ndinaitenga kunyumba kwanga n'kukaisiya kuchipatala.

Ndinabwerera kumudzi ku Ntchisi, m'nyumba yopanda wondifunsa kuti mwayenda bwanji. Fodya wa chaka chimenecho anapsa ndi dzuwa. Ndikagwada, mawu sankabwera. Ndinkangoti, Ambuye, inu munalipo pakhomo paja, kenaka n'kudzuka. Miyezi inapita, yankho osaoneka, mpaka ndinaleka kuliyembekezera.

Titakolola, ndinaona mayi Nachisale akukwera chitunda cha kwathu, ndodo m'manja. Anakana mpando, anakhala pansi.

"Bambo, za mwana uja sizindipatsa mtendere," anatero. "Ndakanena kwa akulu a mpingo kuti wokutsekerani chitseko ndinali ine. Tiyeni mukalowe, ndikakutsogolerani ndekha."

Titafika kuchipatala, ndinalowa m'chikutamo, telefoni ili kukhutu. Mawu ankafera pa khoma lachiwiri, pomwe panali bedi la mayi uja. Ndinasamutsira kabokosi mkati, ndipo telefoni inalira bwinobwino.

Ntchito anandibwezera, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anagwira mtima wa mayi wokalamba pamene ine ndinali nditatopa kupempha. Koma sindikunamizani, sizinabwerere zonse. Mwanayo ali kumanda, ndipo mayi ake tikakumana pamsika amayang'ana kumbali. Inu amene mukusenza mlandu wosakhala wanu, pirirani, ngakhale pemphero litatsala la mawu ochepa ngati langa.

Mayi Nachisale, mkulu wa chipatala uja, ndi onse amene anandinena, ndinawakhululukira.