Thumba Lopanda Soya

Ine amene ndinayamba ndi wilibala imodzi mpaka kukhala ndi malole odutsa malire a maiko, nkhani yabwino sindiiphonya, ngakhale ikukambidwa kumbuyo kwanga. Iyi ndinaitola pamzere wa m'sitolo ya zakudya za ziweto, pomwe mayi wina ankacheza ndi bambo wachikulire amene anakumbatira thumba.

"Bambo, mtengo mwauona? Lopanda soyalo ndi lodula kawiri. Tengani lawamba."

"Lawambalo linatsala pang'ono kundiphera kamwana ka hatchi, mayi. Kakangodya kamatsegula m'mimba, khungu lonse zidzolo. Adokotala a ziweto akuti soya ndimusiye."

"Ndiye kapatseni gaga, ngotchipa."

"Ndinayesa. Gaga amakhutitsa koma samanga thupi. Miyendo yangokhala ngati bango. Umu anasakaniza ndi mpendadzuwa."

"Nanga sikayamwa?"

"Make anafa mwezi watha."

"Pepani. Koma osangokagulitsa bwanji? Onani nsapato zanuzo, zayasama ngati nazonso zili ndi njala."

"Zizolowera. Make anakoka ngolo yanga zaka khumi. Ana anga onse anaphunzira ndi msana wake, ine ndikumulipira chikwapu ndi udzu wouma."

"Ndiye ndalama mwazitenga kuti?"

"Ndagulitsa ngoloyo. Zakwanira matumba asanu, ndipo adokotala akuti amenewo akaimiritsa."

"Aa, bambo! Mwagulitsa ngolo? Nanga kakadzakula kadzakoka chiyani?"

"Kangokula basi, mayi. Make anakoka kale za awiri."