Magetsi Anazima, Mawu a Bambo Anapulumuka

Abale ndi alongo, ndi inu amene mumangowerenga osasiya ngakhale ameni, mtendere ukhale nanu. Ndine uja wowotcha nyimbo pa Nkando, kuseri kwa pamene pamaima maminibasi. Ndabwera kudzachitira umboni za yesero limene linandigwera. Ena amayesedwa ndi matenda, ena ndi ulova. Ine Ambuye anaona kuti ndine wolimba, anandiyesa ndi mlamu wodziwa kompyuta.

Kompyuta yanga ndi nyumba ya zipinda ziwiri. Chipinda china mumakhala Windozi, ya makasitomala. China mumakhala Linakisi, mnzake wa Windozi, chinthu chokhacho chimene ndinatuluka nacho ku koleji isanandilavule chaka chachiwiri. Ukayatsa, pamabwera kachikwangwani kakuda kofunsa kuti ukulowa chipinda chiti. Windozi sitha kuwerenga za m'chipinda cha mnzake, ikachiona imangoti sichikudziwika. N'chifukwa chake zofunika ndinkasunga kumeneko, kutali ndi mavayirasi obwera ndi mamemore khadi a anthu.

M'menemo munali vidiyo ya chinkhoswe cha mlongo wanga Esinati. Kope lina panalibe, poti foni imene ndinajambulira inapeza mwini wake watsopano pamsika wa Chinakanaka. M'vidiyomo muli bambo akulankhula, miyezi yochepa asanatisiye. Zithunzi zawo tili nazo, koma mawu awo anatsala momwemo mokha. Amayi anali atalamula kuti tsiku lovundukula chiliza cha bambo, abale onse adzawamvenso.

Sabata imeneyo ndinkatanganidwa kumanda ndi amisiri, ndiye makiyi a shopu ndinasiyira a Damiyano, amuna a Esinati yemweyo, mkamwini pamudzi pathu. Ntchito yawo inali kukopera nyimbo basi. Koma a Damiyano ali ndi setifiketi ya kompyuta, ya kosi ya pa holide, ndipo anaipachika pabalaza pamwamba pa chithunzi cha ukwati wawo. Munthu wotere sakopera nyimbo. Amakonza.

Pobwera ndinawapeza pampando wanga, mwendo uli pamwamba pa unzake.

"Alamu, inkachedwa, ndiye ndaika Windozi yatsopano," anatero. "Kafunso kakuda kaja kotaya nthawi kachoka. Ndinapezanso malo aakulu ongokhala, ndawafomata kuti muziikamo mafilimu."

Kufomata, kwa inu amene Mulungu anakutetezani ku zinthu izi, ndiko kusesa chipinda n'kutentha zonse zimene wasesazo. Nditafunafuna fulashi yanga ya Linakisi, yoyatsira kompyuta zikavuta, anandiuza kuti ndi imene anaikapo Windozi yawo, chifukwa nayonso inkaoneka yongokhala. Kwa a Damiyano chilichonse chimene sakuchimvetsa chimakhala chikungokhala. Anadikira kuti ndithokoze.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti chinthu chikafufutidwa usachigwirenso, ndiye ndinazimitsa, ndinazula chingwe, n'kuifunditsa chitenje monga tichitira ndi womwalira. Kenako kunabwera opepesa. Wina anati ndiiwaze madzi odalitsidwa, ngati kuti mavuto anga anali ochepa. Wina anati ali ndi msuweni ku Limbe amene amadzutsa kompyuta zakufa, koma nambala yake anaiwala. A Damiyano eni ake anandilangiza kuti munthu wophunzira amasunga zinthu pawiri. Ndinawayang'ana, n'kukumbukira kuti mlongo wanga akadali wamng'ono kuti akhale wamasiye.

Kunyumba ndiko kunali kowawa. Amayi anali atatumiza kale uthenga kwa abale a tsidya la malire, kuti bwerani mudzamve mawu a mbale wanu. Akandifunsa za vidiyo ndinkangoti zili m'manja mwa Ambuye, ndipo sindinaname. Nthabwala zinanditha, abale. Ndinayesa kukumbukira mmene bambo ankatchulira dzina langa, ndinapeza kuti mawuwo ayamba kale kufufutika m'mutu mwanga momwe. Ndinapemphera pemphero lalifupi, lopanda Chingerezi, lakuti Atate, amayi asaike maliro kawiri.

Yankho linandipeza pampando wometera. Ndinalowa kwa a Namakhwa, ometa oyandikana ndi shopu yanga, kuti ndikaoneke munthu pamwambo. Monga mwa masiku onse ankadandaula za magetsi. Anati tsiku lija a Damiyano ankakonza kompyuta yanga, anazima iwo atameta mphunzitsi wina mbali imodzi, mpaka anachoka atavala chipewa chobwereka. Anatinso alamu anga anatuluka akutukwana, kuti kompyuta inali itawafunsa ngati akutsimikiza zofufuta, ndipo inathima iwo akufunafuna poyankhira. Magetsi atabwera madzulo, a Damiyano anali ku bawo.

Ndinadzuka tsitsi lili mbali imodzi, ngati mphunzitsi uja. Ndinagula bandulo, ndinatsitsa Linakisi pa laputopu ya mnzanga, ndinaiika pa fulashi ina, n'kuvundukula malemu. Nditayatsira pa fulashipo, chipinda chija chinali chilipo, chilichonse pamalo pake. Windozi yatsopano inali itangochotsa kachikwangwani kolozera khomo, khomo lenilenilo osaligwira. A Damiyano anali atanena zimene ankafuna kuchita ngati kuti anachita, ndiwo ukatswiri wawo. Ndinabwezeretsa kachikwangwani, ndinatsegula vidiyo, ndipo bambo anatsokomola kaye monga ankachitira asanayambe kulankhula. Ndinatseka chitseko cha shopu kuti anthu a pa Nkando asaone wosiyira sukulu panjira akulira.

Tsiku la chiliza tinaika wailesi ya kanema pansi pa mtengo wa mango. Bambo, atavala jekete limene anapumira nalo ntchito ku esiteti ya tiyi, anatembenukira kwa mkamwini wawo watsopano, akusakaniza ndi Chilomwe.

"Mwabwera pamudzi pa eni. Mukapeza chitseko chotseka, musamati mulibe kanthu. Funsani."

Ndinabwezera pamenepo kawiri, n'kukweza, kuti okhala kumbuyo nawonso adalitsike. A Damiyano anagwedeza mutu mogwirizana nazo. Pano akuuza anthu kuti vidiyo ija anaipulumutsa ndi iwo.

Choncho abale, piriranibe. Magetsi akazima musafulumire kutukwana, mwina pali mlamu wa munthu amene akuimitsidwa kwinakwake. Ndithokoza Mulungu, ndithokoza a Namakhwa amene anamalizitsa mutu wanga mawa lake. Vidiyo ndinaikopera pa kamemore khadi, amayi anakamangirira pansonga ya chitenje. Lamulungu lililonse pochokera kutchalitchi amadutsa pashopu kuti ndiwayatsire. Bambo akatsokomola, amayi amawauza kuti amwe madzi. Ameni.