Impwa zimene zinabwerera m'kontena

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonsenu, kuyambira inu a kutsogolo mpaka inu a benchi la kumbuyo amene mumatseka maso ngati mukupemphera pamene mukuwodzera. Ndine Tembo wa ku Mandevu kuno ku Lusaka, uja wosoka nsapato pafupi ndi msika. Mumandidziwa kuti ndine mdala wosatseka pakamwa, ndipo simunama. Koma lero ndikulemba za nthawi imene m'kamwa mwanga munauma, pamene mwana wanga Lakisoni anatengedwa dzuwa lili pamutu, anthu akuona, kenako aliyense wa udindo n'kunena kuti sakumudziwa.

Lakisoni ndiye wotsiriza kubadwa kwathu, ndipo ali ndi mkazi ndi ana awiri. Ankakonza mafoni pa kantemba kake mumsika. Munthu wina anasiya foni kuti aikonze, ndipo tinadzamva pambuyo pake kuti mwini wake weniweni anaphedwa ndi achifwamba. Kunabwera amuna atatu osavala yunifolomu, m'motoka yopanda nambala. Azimayi ogulitsa tomato anaona akumumanga maunyolo, akumumenya ndi mfuti kumutu, n'kumuponya kumbuyo ngati thumba la makala. Mmodzi wa amunawo anauza anthu kuti ndi apolisi, asayandikire.

Ndinathamangira kupolisi ya kwathu, anati mulibe. Ndinapita ku ina, mulibe. Ndinazungulira Garden, Chazanga, Matero, mpaka Kanyama, nsapato zanga zomwe zinayamba kufuna wosoka. Yankho linali limodzi, ndipo ena ankawonjeza kuti mwina mnyamata wathawa ndi mkazi wina, ndipite ndikapume.

Inu amene simunakhalepo ndi m'bale m'selo, dziwani kuti kumeneko munthu amadya zimene abale ake abweretsa. Ndipo usanapereke, wapolisi amati ulawe iye akuona, kuopa kuti wathiramo mankhwala. Mkazi wanga Anabanda ankaphika m'mawa uliwonse n'kuika m'kontena yakale ya ayisikilimu, ine n'kunyamuka nayo. Ndalawa zophika za Anabanda pamaso pa apolisi a Lusaka yonse, ndipo sindinagwe, ngakhale kuti dzanja lawo la mchere mukulidziwa inu amene mumadya kwathu. Tsiku loyamba ndinabwerera nayo kontena yodzaza. Anabanda ataiona analira ngati ndabweretsa mtembo. Kuyambira pamenepo ndinkati akandiuza kuti mulibe, ndinkapempha kuti apatse aliyense wanjala m'menemo. Kontena inkabwerera yonyambitidwa, yoyera ngati yatsopano, chifukwa m'selo munthu sasiya ngakhale mutu wa kapenta.

Mkulu wa mpingo ananditengera ku ofesi ya anthu amene amafufuza milandu ya kuzunza anthu ndi kuwasowetsa. Kumeneko ndinapeza mayi wina, Ba Mulenga, wochepa thupi, wolankhula motsitsa. Anandifunsa mafunso mpaka ndinatopa: motoka inali ya mtundu wanji, malaya a Lakisoni anali otani, ali ndi chipsera pati. Anapita yekha kumsika kukalankhula ndi azimayi a tomato mmodzimmodzi. Ine mumtima ndinkati awa ndi anthu a cholembera, munthu akufa iwo akulemba. Anandiuza kuti lamulo limawalola kulowa malo aliwonse osungira anthu popanda kuchenjeza, koma akalowa polakwika, amene akumusunga amamva n'kumusamutsa. Anati, "Ba Tembo, tifuna chitseko chimodzi. Lusaka ili na vitseko vambiri."

Masabata anapita. Ndinayamba kupita kumochale ya kuchipatala chachikulu. Kumeneko amakutsegulira kabati ndi kabati, iwe n'kumayang'ana ana a anthu ena. Ndinaona anyamata a msinkhu wa Lakisoni, ena nkhope zosazindikirika, ndipo ndinkayamba kuyang'ana kumapazi chifukwa mapazi a mwana wanga ndinkawadziwa, ndawayeza kuyambira ali wamng'ono. Ukatuluka usanamupeze sudziwa ngati uthokoze kapena ulire. Mlamu wanga anachokera ku Katete n'kunena kuti titulutse mipando panja, tikoleze moto, tilire maliro, mkazi wa Lakisoni amasuke. Ndinamuuza kuti akafuna maliro agone pansi yekha, tidzamulira bwino ndithu. Anthu anaseka, koma ine ndinakalowa kuchimbudzi n'kulira ngati mwana, chifukwa mumtima ndinali nditayamba kugwirizana naye.

Pemphero langa la masiku amenewo silinali laulemu, abusa mundikhululukire. Ndinagwada pakati pa nsapato za anthu n'kunena kuti, Ambuye, Inu mukudziwa kuti sukulu ndinasiyira panjira. Ngati mwana wafa, ndionetseni manda. Ngati ali moyo, ndilembereni m'njira imene munthu ngati ine angawerenge, chifukwa maloto a anthu a mpingo andisokoneza, wina akuti wamuona m'madzi, wina akuti ku Joni.

M'mawa wina nditatsegula kontena ndinapeza nsima, kapenta ndi impwa, timabiringanya ting'onoting'ono tija. Ndinakalipa. Lakisoni sanadyepo impwa chibadwire, amati n'zowawa. Akazipeza m'ndiwo amazitola imodziimodzi n'kuzindandalika m'mphepete mwa mbale ngati asilikali, ndipo mayi ake anasiya kalekale kumuphikira. Ndinawafunsa Anabanda ngati aiwala mwana wawo. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti sakuphikiranso Lakisoni, akuphikira ana a eni ake. Pamenepo ndinadziwa kuti mayi wamuika kale mwana wake m'manda mumtima, ndipo ndinanyamula kontena n'kutuluka.

Tsiku limenelo ndinapita ku kapolisi kena kakang'ono kumapeto kwa tauni, kamene sinditchula dzina. Ndinali nditafikako kale, anandikana. Pa tebulo panali wapolisi wamkazi, mtsikana ndithu, ali yekha. Nditatchula dzina anayang'ana pakhomo, kenako anati mulibe. Ndinalawa, n'kunena mawu anga a masiku onse, kuti apatse wanjala koposa onse. Anakhala kanthawi atagwira kontena. Selo inali kudzanja lamanzere, phokoso la akaidi likumveka, koma iye sanalowere kumeneko. Anatulukira khomo la kumbuyo. Pa zenera ndinamuona akupita ku kanyumba ka malata kuseri kwa motoka zowonongeka.

Anachedwa kwambiri. Pobwerera anandipatsa kontena yotseka, maso ali pansi, n'kunena motsitsa, "Ba mudala, mukatsukile kunyumba. Osati pano."

Ndinaitsegulira pa siteshoni ya mabasi. Nsima inali yodyedwa pang'ono, pakati pokha pofewa. Kapenta anali woyamwidwa n'kulavulidwa, ngati wadya ndi munthu wopanda mano. M'mphepete munali magazi. Ndipo impwa zonse zinali zitandandalikidwa mbali imodzi, mwa mzere. Abale, ndinakhala pansi m'fumbi, makondakitala n'kumandiseka kuti mdala wayamba kachasu m'mawa. Wanjala aliyense akanadya impwazo. Akanakhala m'selo ya anthu ambiri, anzake akanazitha. Uyu anali yekha, anali wovulala m'kamwa, ndipo anali wanga.

Sindinapite kunyumba, ndinalunjika kwa Ba Mulenga n'kuika kontena pa tebulo lawo, pamwamba pa mapepala. Ananena poyera kuti impwa si umboni umene khoti lingamve, koma sanaseke. Anandifunsa kuti mtsikanayo anatulukira khomo liti, kanyumbako kali mbali iti, kali ndi loko wotani. Anajambula kontenayo, n'kuisunga yosatsuka. Kenako anandilamula chinthu chimene sindinachitepo chibadwire: kukhala chete mpaka m'mawa. Anati mawu akangotuluka, tikapeza kanyumba kosesedwa, ndipo mtsikana uja adzakhala pa mavuto. Ndinauza Anabanda okha, chitseko chotseka. Anakuwa, aneba n'kuthamanga poganiza kuti uthenga wa maliro wafika. Ndinawauza kuti Anabanda dzino likuwawawa. Bodza limenelo ndinaliulula kale kwa Mwini wake.

M'mawa tinapita, Ba Mulenga, mnzawo wamwamuna, dokotala, ndi ine amene anandiuza kuti ndikhale m'motoka. Mkulu wa pamalopo anawalandira ndi ulemu, anawaonetsa selo, akaidi atakhala mwa mizere. Atafunsa za kanyumba ka kumbuyo anati ndi mosungira matayala, ndipo kiyi anapita naye wina ku Kafue. Ba Mulenga anakoka kreti, n'kukhala patsogolo pa chitsekocho, chikwama pa miyendo, n'kunena kuti Kafue si kutali, adikira. Dzuwa linakwera. Ine m'motoka ndinalephera kupirira. Ndinatsegula zenera n'kukuwa dzina la mwana wanga ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa. Kenako lata linalira kuchokera mkati, pang'onopang'ono, ngati munthu akuligunda ndi mutu. Kiyi wa ku Kafue anapezeka m'thumba la mkuluyo.

Chimene chinatuluka m'menemo sindikanachizindikira pamsewu. Anamunyamula, sankatha kuima. Mapazi anali otupa ngati mikate, mano akutsogolo palibe, m'mikono muli mabala akuya mpaka kuoneka zoyera. Ankamupachika pa chitsulo pakati pa matebulo awiri, manja ndi miyendo zomangidwa, mutu pansi, chimene iwo amachitcha kampelwa, n'kumamumenya kumapazi kuti atchule achifwamba amene sankawadziwa. Atazindikira kuti agwira wolakwika anaopa kumutulutsa ali choncho, ndiye anangomusunga kuti mabala apole kapena afe. Dokotala anayeza bala lililonse pomwepo, chitsulo chija anachijambula chili pamalo pake. Ine wa nthabwala ndinangomugwira phazi.

Lakisoni ali moyo, ndipo mlandu uliwonse anamuchotsera. Koma sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Zala zake sizigwiranso tizitsulo ta mafoni, kantemba kanatsekedwa. Akamva motoka ikuima pakhomo amakabisala kuseri kwa kabati, bambo wa ana awiri. Mtsikana wapolisi uja anamusamutsira kutali, sindidziwa dzina lake, ndipo ndimamutchula m'pemphero ngati mwana wanga. Chimene chimandisowetsa tulo koposa ndi ichi: Lakisoni akuti masiku oyamba sanali yekha. Munali mnyamata wina wa ku Chazanga, wamtali, amene ankaitana amayi ake mpaka mawu anatha. Anamutulutsa atamukulunga m'bulangeti. Ba Mulenga akumufufuzabe, ayenda kumochale ndi kumanda kumene amaika anthu opanda abale, koma mpaka lero dzina lake silinapezeke. Ngati mukudziwa banja limene mwana wawo anasowa chotero, musawauze kuti angopemphera. Agwireni dzanja, muwaperekeze kwa ofufuza, ndipo ine ndidzakuonetsani njira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha mdala wamwano m'chilembo chimene akanatha kuwerenga, ndipo anachita zimenezo pa tsiku limene m'nyumba mwathu chikhulupiriro chinali chitatha. Ndikuthokoza Ba Mulenga ndi cholembera chawo chimene ndinkachinyoza, azimayi a tomato amene sanasinthe mawu ngakhale anaopsezedwa, ndi inu a mpingo amene munadyetsa adzukulu anga. Inu amene mukufunafuna wanu, musaleke kuyenda, musaleke kufunsa, ngakhale akusekeni.

Amuna atatu aja mlandu wawo uli kukhoti. Anthu abwera kale kunyumba kawiri kudzatilangiza mokoma kuti tiiwale, popeza mwana tamupeza. Anabanda akuopa, inenso ndikuopa, koma Lakisoni wati akaima kukhoti n'kupereka umboni, chifukwa ndi iye yekha amene anamva mawu otsiriza a mnyamata wa ku Chazanga. Nkhawa yake ndi yakuti polumbira amati munthu akweze dzanja, ndipo lake limangokwera mpaka pa phewa. Ndamuuza kuti alikweze mpaka pamene lifika, woweruza aone yekha chifukwa chake silipitirira. Mutipempherere tsiku limenelo. Amen.