Jekete Langa la ku Liverpool

Achemwali anga a Edwina anandituma ku Newcastle ndi diresi m'jumbo ndi lamulo limodzi: mwana wawo Akuzike, amene amukweza kumene kukhala mkulu wa timu ku kampani yoyankha mafoni, akajambulitse chithunzi cha kuntchito atavala diresilo, osati suti ndi tayi monga amachitira. Ndikalephera, sofa ya ku Bradford imene ndimagonapo ipeza mwini wina.

Ndinafika m'mawa, msana utauma ndi basi. Akuzike anatsegula chitseko ali ndi simbi m'manja. Mwanayu chaka chatha anatiuza kuti iye si mtsikana, si mnyamata, ndi Akuzike basi. Achemwali anapita nazo ku mapemphero. Ine ndinanamizira netiweki.

"Amalume. Simunanene kuti mukubwera."

"Malume sapempha chilolezo."

"Lowani. Nsapato zitsale pakhomo."

Ndinavula. Ndinakhala. Jumbo pamiyendo. Tsono kwathu nkhani yolemera saiponya ngati mwala. Umayamba ndi munthu wina wopanda dzina, mwini nkhani adzizindikire yekha. Ndinakulira ku Ndirande, koma mwambo umenewu ndimaudziwa.

"Aku, pali munthu wina m'banja mwathu."

"Eya."

"Munthuyu kavalidwe kake kakudabwitsa anthu."

Anaimika simbi. Anandiyang'ana. Osati kumaso, pachifuwa.

"Pitirizani."

"Anabadwa mwina, akuvala mwina."

"Iye mwini akudziwa kuti anthu aona?"

"Akudziwa bwino lomwe. Ndipo ali m'chipinda muno."

Anayang'ana kukhitchini. Anayang'ana kuseri kwa chitseko.

"Muno tilimo awiri."

"Ndi zomwezo."

Anazimitsa simbi. Anakoka mpando. Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Amalume, zikomo pondikhulupirira."

Ndinadzigomera ndekha. Ntchito imene achemwali analephera chaka chathunthu, ine ndaimaliza tiyi asanabwere.

"Ndiye sukukana?"

"Ndikane chiyani? Ndinaona kalekale, pa ukwati uja wa ku Leeds. Ndimangodikira kuti muyambe ndinu."

"Waona? Mwana wolangika ndi ameneyo. Amayi ako amati pavuta."

"Amayi akudziwa?"

"Ndi amene andituma."

"Amayi anga? Akutumani kwa ine?"

"Mpaka anandiperekeza pokwerera basi."

"Iii. Koma anthu amasintha." Anapukusa mutu. "Analira?"

"Pang'ono. Kenako anati, pitani kwa Aku, nkhaniyi ithe lero."

"Akulondola. Sabata yatha yomweyi anatiphunzitsa kuntchito mmene tingalandirire munthu wobwera ndi nkhani ngati imeneyi. Choyamba, musachite manyazi."

"Ine manyazi? Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Ndinatsegula jumbo. Ndinalitambasula. Lachitenje, lobiriwira ndi lachikasu, manja otukumuka ngati mandasi.

"Lasokedwa ku Limbe. Labwera m'chikwama cha mayi wina wa kumpingo."

Akuzike analiyang'ana. Anandiyang'ananso ine. Anatsinzina diso limodzi ngati kalipentala.

"Mwayambira pamwamba, amalume. Ambiri amayamba ndi kanthu kakang'ono. Mpango. Ndolo."

"Zinthu za pang'onopang'ono ndi zimene zatifikitsa pano. Livalidwe lero, kuntchito."

"Lero lomwe?"

"Kapena kuntchito kwanu amaletsa?"

"Kwathu ayi. Safunsa kuti unabadwa ndani. Chovala chikhale chochapa, chosita, nsapato zotseka kutsogolo. Chimene amabweza pakhomo ndi juzi ya mpira."

"Ndiye diresi ndi lololedwa."

"Kwa aliyense."

"Ndi zimene ndimafuna kumva."

"Koma mapewa salowa."

"Alowa. Amayi ako anayeza."

"Ndi tepi?"

"Ndi maso. Mayi sasowa tepi."

"Tiona. Likakana pali telala pafupi ndi siteshoni ya sitima ya metro. Chinanso, mphepo ya kuno si ya ku Limbe. Pafunika masitokingi okhuthala."

"Tigula."

"Nanga tsitsi la m'miyendo? Ena amameta, ena amasiya."

Ndinatsokomola. Ndinayang'ana kudenga. Malume sakamba za miyendo ya mwana wa mlongo wake.

"Zimenezo si za ine."

"Ndi za inu ndithu. Palibe wina angasankhe."

"Chabwino. Ngati wosankha ndine, limetedwe."

"Lezala lili kubafa, latsopano."

"Ndiye ukudikira chiyani? Pita."

"Mukufuna ndikathandize?"

"Ukathandize ndani?"

"Inu."

Panja panadutsa basi. Tinaimva yonse, mpaka inakakhota.

"Ine ndimete miyendo?"

"Mwanena nokha."

"Iwe Aku. Diresili ndi lako."

"Langa bwanji? Mwati munthu wodabwitsa anthu."

"Ndiwe."

"Ine sindidabwitsa aliyense. Ndinalengeza pa gulu la banja pa WhatsApp, inu munaika chala chotere." Anaimika chala chachikulu m'mwamba.

"Chinadinika chokha."

"Wodabwitsa anthu ndinu, amalume."

"Ndadabwitsa ndani?"

"Jeketelo."

Ndinadziyang'ana. Jekete langa lofiirira. Ndinaligula ku Liverpool, m'kaunjika wa azungu, mashopu aja a zachifundo. Ndinalisankha monga timasankhira kwathu: kugwira nsalu, kununkhiza, kuyang'ana m'khwapa ngati mulibe chibowo. Layenda nane Manchester, Hull, Bradford. Mizinda ndimasiya. Jekete sindisiya.

"Lalakwa chiyani?"

"Silinalakwe. Ndi la amayi."

"Amayi ake a ndani?"

"Aliyense. Ndi lachizimayi."

"Asa. Nsalu iyi? Gwira."

"Nsalu ndi yabwino. Mabatani ali mbali iti?"

"Kutsogolo."

"Ali kumanzere. A amuna amakhala kumanja."

"Telala wake anali wamanzere."

"Pisani m'thumba."

Ndinapisa. Zala ziwiri zokha ndi zimene zinalowa.

"Ndi dala. Akuba asowe polowera."

"M'chiuno lalowa mkati, m'munsi latambasuka."

"Ndi sitayelo ya ku Italy."

"Munaliona pati m'shopumo?"

"Pa hang'ala."

"Pafupi pake panali chiyani?"

Ndinakumbukira. Panali masiketi. Nthawi imeneyo ndinaganiza kuti azungu sadziwa kusanja katundu.

"Sindikumbuka."

"Palibe amene anakuuzanipo?"

"Anthu amaliyamikira. M'basi, agogo achizungu amaligwiragwira. Wina anati malemu mayi ake anali nalo ngati lomweli."

"Ndiye?"

"Ndiye kuti mayi akewo ankavala la amuna awo."

"Amalume."

"Ndinavala jekete limeneli nditaimira banja pa chinkhoswe. Abusa anandigwira chanza. Ndalowa nalo ma intavyu."

"Anakulembani?"

"Imodzi. Ndipo bwana wake anandiuza kuti ndine munthu wolimba mtima."

"Eya."

"Amanena za mayankho anga."

"Munayankha chiyani?"

"Zilibe ntchito."

Akuzike anapita kuchipinda. Anabwera ndi jekete lakuda, lachimuna, mabatani kumanja. Anandipatsa.

"Ngati mukufuna kusintha, tengani ili. Ndili ndi lina."

Ndinavula langa. Ndinavala lake. Ndinaima pagalasi. Mapewa anathawira kunja. Mimba inatsogola yokha. Ndimaoneka ngati munthu wobwereka suti pa maliro a bwana wake.

"Lakukwanani."

"Likundinyoza."

"Ndi lachimuna."

"Lachimuna la mwamuna wina. Bweretsa langa."

"Lachizimayi lija?"

"Langa lija."

Ndinalivalanso. Linandilandira. Ndinakoka m'munsi kuti kutambasuka kusaoneke. Kunaonekabe.

"Tibwerere ku nkhani imene ndabwerera," ndinatero.

"Ndimaganiza kuti ndi yomweyi."

"Si yomweyi. Ine zanga ndi ngozi. Iwe ukuchita dala."

"Eya. Ine ndimadziwa chimene ndavala."

"Usandiyankhe ngati kasitomala. Amayi ako akufuna chithunzi cha diresi. Azimayi a kumpingo akudikira kuchiona pa Facebook. Mwana wakwezedwa, mayi anyade."

"Anyade. Ndakwezedwa ndili mu suti."

"Mwana wamkazi ndi buluku, tayi pakhosi."

"Amayi amavala buluku kuchipatala tsiku lililonse."

"Imeneyo ndi yunifomu."

"Iyinso ndi yunifomu yanga."

"Aku, mapanga awiri avumbwitsa."

"Ndili ndi ambulera."

"Ndi mwambi."

"Ndikudziwa. Komanso kunja kukugwadi mvula."

Ndinasintha njira. Malume akalephera kulamula amapempha. Ndinatsitsa mawu.

"Ungovala pojambula pokha. Akangoti kethe, ukavule kuchimbudzi, ubwerere mu suti yako. Ndani adziwe?"

"Chithunzicho akachiika pakhoma la ofesi, dzina langa pansi pake. Chikhala pomwepo mpaka ndidzachoke. Anthu anga azidutsa m'mawa uliwonse n'kumaona munthu amene sanakumanepo naye."

"Ndi nkhope yako yomwe."

"Nkhope yokha. Ndinavalapo madiresi kuntchito, amalume, chaka changa choyamba. Ndinkalowa ngati wakuba. Foni ikalira ndinkayankha motsitsa, mpaka makasitomala ankafunsa ngati pali munthu. Sindibwererako."

Ananena ngati akuwerenga nthawi ya basi. Anayatsanso simbi. Anayamba kolala ya shati.

"Nanga sofa yanga?"

"Yatani?"

"Amayi ako anati ndikabwerera diresi lili m'jumbo, ndipeze kogona."

"Muno mulibe sofa. Koma kapeti ndi yatsopano."

"Munthu wamkulu ngati ine pa kapeti."

"Kapena musiye jeketelo, ine ndivale diresi."

Ndinadzuka pang'ono. "Ukunena zoona?"

"Ndikufunsa. Ine ndivale diresi lero, inu mutaye jekete m'bini ya panja. Muziyenda mu lakuda lija. Ma intavyu, maukwati, kutchalitchi."

"Zikugwirizana pati?"

"Onse awiri tikhala tavala zoyenera."

"Jekete langa lalowa bwanji m'mlandu wako?"

"Ndi lachizimayi."

"Leka mawu amenewo. Jekete silidziwa amene analisokera. Lili ndi maso? Linandifunsa chiphaso pamene ndinkaligula? Landikwana. Ndikalivala ndimalowa mu ofesi ya mzungu mutu uli m'mwamba. Ndikavala zina ndimakhala ngati ndatumidwa. Ndiye wina wa ku fakitale, amene sanandionepo, andiuze kuti si langa chifukwa cha mabatani? Wolivala ndine. Ndi langa. Yatha."

"Eya."

"Usanene eya choncho."

"Ndanena bwanji?"

"Ngati wagoletsa."

"Ndangovomereza. Mwafotokoza bwino kuposa mphunzitsi wa kuntchito uja. Ndingakuitaneni mudzalankhule kwa timu yanga?"

"Usayerekeze."

Anavala shati. Anamanga tayi osayang'ana pagalasi. Anavala suti yabuluu. Ndinamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato, kufunafuna polakwika. Ndinayesetsa. Mwana amaoneka ngati munthu woti ukamupeza pa desiki umakonza kaye kolala yako.

"Tayi wakhota," ndinatero.

"Mbali iti?"

"Bwera kuno."

Ndinamuwongolera. Anali asanakhote kwenikweni.

Foni yanga inalira. Achemwali. Ndinaiyang'ana ngati njoka.

"Yankhani. Ndikuchedwa metro."

"Iwo atopa okha."

"Satopa. Ndinakula nawo."

Anatambasula dzanja n'kudina yekha. Anaika mokweza.

"Achimwene," anatero achemwali. Kumbuyo kumamveka mabelu a m'wodi. "Lavalidwa?"

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Ndadzuka. Lavalidwa?"

"Nkhaniyi ili ndi mbali zingapo."

"Ndafunsa mbali imodzi."

"Pali munthu wina m'banja mwathu..."

"Rowland, ndili pa ntchito. Za munthu wina mukauze ana a Sande sukulu. Diresi lili kuti?"

Ndinayang'ana jumbo. Ndinayang'ana kapeti. Inali yatsopanodi, koma yopyapyala.

"Lili m'jumbo."

"Ndiye litulutseni."

"Likhala momwemo. Mwanayu wavala bwino. Apita chonchi. Chithunzi chikatuluka muchiike pa Facebook, azimayi a kumpingo akafunsa muziwapatsa nambala yanga."

Mabelu a m'wodi analiranso.

"Mwati bwanji?"

"Mwamva."

"Inu amene dzulo lomweli mumamenya patebulo kuti mwamuna azioneka mwamuna, mkazi azioneka mkazi? Mwadya chiyani kumeneko? Chakusinthani n'chiyani m'mawa umodzi?"

Ndinagwira batani la jekete.

Akuzike ananyamula chikwama, anandisisita paphewa, n'kuweramira pa foni.

"Amayi, musawapanikize. Adzakuuzani okha akakonzeka."